Chizungulire Pamanda a Achimwene

Ndinadzuka kusanache, maso akuwawa ndi utsi wa moto wa pamaliro, n'kumeza piritsi langa la BP. Nditasukusula ndinamezanso lina, poiwala kuti ndamwa kale. Ine amene anansi amandibweretsera mapepala a mankhwala kuti ndiwawerengere, ndinasokonezeka ndi mapiritsi awiri okha.

Tinkaika achimwene anga, amene anagwa mwadzidzidzi pashopu imene ankagwira ntchito ku Area 2. Masana a tsiku limene anagwalo tinadyera limodzi chipisi pamsika, ndipo aliyense ankadziwa kuti tinkakangana za nyumba ya ku Area 15 imene bambo athu anatisiyira. Abale ochokera kumudzi sanandinene m'maso. Amayi ophika ankangoleka kulankhula ndikamadutsa, ndipo tiyi amene ndinathirira alendo anazizira m'makapu, osamwedwa. Nanenso chakudya chinandikanika.

Dzuwa la Okutobala linatuluka laukali. A kutchalitchi anafika pa lole, anzawo a malemu a kuntchito pa minibasi, ndipo abwana awo achimwenye anaima kumpanda mwaulemu mpaka mapemphero atatha. Ulendo wa kumanda tinauyamba dzuwa lili paliwombo, magalimoto atayatsa nyali.

Itakwana nthawi yoti abale aponye dothi, anaitana ine. Ndinatapa pafosholo, koma nditayang'ana m'dzenje, bokosi linayamba kuzungulira. Ndinangoti khu pamulu, dothi lidakali m'manja. Nyimbo inadukira pakati.

"Malemu amukana," anatero mkulu wina wakumudzi kumbuyo kwanga.

Mwana wamkazi wa malemu, amene amagwira ntchito ku City Centre, anandigwira paphewa. "Bambo aang'ono ali dizzy chabe," anatero mokweza. "Sanadye. Bweretsani madzi a shuga."

Liwu loti dizzy ndinalidziwira m'manyuzipepala akale okulungira katundu, ndipo tanthauzo lake ndi chizungulire basi. Koma chizungulire cha pamanda anthu amachifunira wochichititsa, pamene dizzy ndi wa dzuwa, wa njala, wa kuchipatala. Mwanayo Chichewa amachidziwa kuposa ine. Chizungucho anachisankha dala. Kaya mumtima ankandikhulupirira, sindikudziwa. Anandidzutsa, anagwira dzanja langa, ndipo dothi lija tinaliponya limodzi. Nyimbo inayambiranso, ngakhale si onse amene anaimba.

Madzulo nyumba inali zii, mabenchi atabwerera kutchalitchi, pabwalo patatsala phulusa lokha. Akumudzi anakwera lole osanditsanzika. Ndili pakhonde, mnansi wanga, mlonda wopuma ntchito, anasuzumira pampanda n'kundiyang'ana nthawi yaitali.

"Achimwene, mwana uja wakuimirani lero," anatero. "Koma dizzy wanuyo sanakwere lole. Kumudzi kukafika chizungulire."