Mbewu za anthu otsala

Chaka cha nyenyezi ya mchira ndimachikumbukira ndi fungo la mtedza wokazinga. Inali nyengo ya dzuwa loswa mtengo, mizere itakonzedwa kale, aliyense akungodikira mvula, koma mudzi wathu wa kufupi ndi Ntaja unkanunkhira ngati pali ukwati. Nyenyeziyo anayamba kuiona ndi amuna opita kumzikiti mbandakucha, ili kum'mawa, mchira wake ngati tsache. Posakhalitsa munthu wina wotsika basi ya ku Liwonde anafika ndi nkhani yoti ikubwera kudzagunda dziko, ndipo anthu onse athera pomwepo, Ayao, Alomwe, azungu ndi amwenye omwe. Nkhaniyi inkayenda monong'ona, poti achinyamata a chipani sankasekerera ofalitsa mphekesera. Ashehe anati tsiku lomaliza alidziwa ndi Mulungu yekha, koma amalume anga a Bwanali anali atamva kale zimene ankafuna kumva.

A Bwanali anali mlongo wamkulu wa amayi, mwinimbumba wathu, munthu wokonda kudya ndi kuseka. Analamula kuti pasatsale chokoma chilichonse choti nyenyezi idzapsereze. Mbuzi zawo zinayamba, nkhuku zinatsatira, ndipo anafe tinaona ngati Idi yabweranso. Tinkadya mpunga wa nyama pa tsiku wamba, popanda wotigawira nthuli ndi diso lokwiya. Atsikanafe tinasiya phada n'kuyambitsa masewera atsopano: mmodzi ankamangirira chitenje kumbuyo kukhala nyenyezi, akakukhudza umagwa pansi n'kufa mokuwa, ndipo wotsala yekha ankakhala mwini dziko lonse. Kunena zoona, kutha kwa dziko kunandikomera kwabasi.

Nkhuku zitatha, maso anatembenukira ku mbewu zobzala. Mabanja ena anali atakazinga kale mtedza wawo wonse. Amayi ankasunga zathu mumtsuko: mtedza, nandolo ndi chimanga cha makolo, zosakaniza ndi phulusa kuti anankafumbwe asalowe, pamwamba n'kuvundikira phale lomata ndi dothi. Mtsukowo ukanatha, ife tikanaona mvula ikugwa pa munda wopanda kanthu. Kukana mawu a mwinimbumba pamaso sikunali kotheka, ndiye amayi anangonyamula mtsuko uja n'kukauika kuchipinda kwawo, kumene mwamuna saponda ngati chipindacho ndi cha mlongo wake. A Bwanali anafika ndi chiwaya m'manja, anaima pakhonde ngati mlendo, n'kundituma kuti ndikautulutse. Ndinalowa malovu ali m'kamwa, koma ndinapeza amayi atakhala pamphasa, mtsuko uli pakati pa miyendo yawo.

"Achimwene, akuti tifa tonse?" anafunsa amayi mokweza.

"Tonse psiti!" anayankha amalume ali panja.

"Nanga akatsala awiri kuseri kwa phiri la Chikala?"

"Amenewo si abale athu."

"Iyayi, si abale athu. Koma njala idzawapweteka ngati ife tomwe. Mvula ikadzagwa adzabzala miyala?"

Ndinasuzumira panja n'kuona amalume akuchoka, chiwaya chikulendewera, ndipo ndinadandaula kuti mtedza wandiphonya. Dzuwa lisanapendeke anabweranso, kofia yawo ili m'manja, itadzaza nthanga za maungu. "Ikamonso izi," anandiuza. "Anthuwo azidzadya mtedza wokhawokha ngati makoswe?"

Kuyambira tsiku limenelo amalume anasanduka nkhoswe ya anthu awiri osaonekawo. Tsiku lililonse ankabwera ndi china: machesi, singano, kakhasu, mchere wokulunga m'kansanza. Amayi ankangomatula phale ndi kumatanso, uku akung'ung'udza. Amalume anawapatsa otsalawo ndi mayina omwe, Che Mtsala ndi akazi awo, ndipo ankatikhazika pansi pa mango kutiphunzitsa kupeka moto ndi timitengo, ati mwina otsalawo adzakhala ana. Moto sunayakepo, koma tinaseka mpaka nthiti kuwawa. Sindinaonepo munthu wamkulu akukondwa chonchija ndi anthu amene sadzawaona.

Nyenyezi inayamba kuzilala, kenako inangosowa osatsanzika. Masiku ano ndikamva pawailesi za mabomba ndi miliri yoti ingathe kumaliza mtundu wa anthu, sindiseka, chifukwa mantha amenewo ndinawaona akudyetsa anthu mbewu zawo. Chaka chimenecho mvula itagwa, ena anayenda mpaka ku Balaka kukagwira ganyu ya mbewu, ena anabwera kwathu ndi timbale, ndipo amayi anawapatsa dzanja limodzilimodzi. Ife tinabzala m'mawa mwake, dothi likununkhira, amalume akulira mbuzi zawo mzere wonse. Atafika pa chulu anaponya nthanga zija, anatiyang'ana tonse ndi matope athu, n'kuseka: "Kani Che Mtsala uja ndine!"