Matumbo a Bambo

Kwathu ku Chilobwe amene ankatchedwa adokotala ndinali ine. Udokotala weniweni ndinalibe. Ndinkangogulitsa mankhwala m'sitolo ya amwenye ku Limbe nditavala gauni loyera, koma oyandikana nafe akadwala ankagogoda pakhomo pathu, bambo n'kumanyadira.

Mayeso amene ine ndinalephera kawiri, mlongo wanga wamng'ono anakhoza kamodzi. Analowa sukulu ya udokotala zipani zitangochuluka kumene, kenako anakaphunzira kunja. Atabwerako anayamba ntchito pachipatala chachikulu m'tauni: m'mawa kuona odwala, masana kufufuza tizilombo tokhala m'matumbo mwa munthu. Kafukufukuyo ankafuna chimbudzi cha odwala m'timabotolo. Amayi akutchalitchi atamva zimenezi anamutcha dokotala wa zimbudzi, ndipo ine ndinkaseka kuposa onse.

Bambo anali atavutika m'mimba zaka zambiri. Ankatsegula za magazi, kuleka miyezi ingapo, n'kuyambiranso. Ine ndinkati ndi kamwazi, n'kumawabweretsera makapisozi. Anaonda mpaka jekete lawo lopitira kutchalitchi linkangolendewera m'mapewa.

Lamulungu lina masana mlongo wangayo anapeza mapaketi otha a makapisoziwo m'chitini cha pamwamba pa kabati. Anandiitanira pakhonde.

"Achimwene, onsewa amwa bambo?"

"Nanga ndikanawasiya afe?"

"Sindikutero ayi. Koma kamwazi sakhala zaka. Ndikuganiza kuti matumbo awo ngotupa, thupi likudziluma lokha. Makapisoziwa akupha ndi tizilombo tabwino tomwe."

"Tizilombo tabwino! Ndiye zimene unakaphunzira kunjazo?"

Mlongo wangayo anali atayankhula motsitsa mawu kuti mayi asamve, ndipo ulemu umenewo ndi umene unandiwawa kwambiri. Akanandikalipira ndikanapeza pogwira.

Bambo anawaunika m'kati ndi kapaipi kokhala ndi kamera, n'kupezadi zilonda m'matumbo. Anawasinthira mankhwala. Mwezi uliwonse pankafunika kabotolo kawo kukayezedwa, ndipo wonyamula ndinali ine, poti ndinkadutsa kufupi ndi chipatalacho popita ku Limbe. Ndinkakakulunga m'majumbo awiri, n'kukhala nako pamiyendo muminibasi, kondakitala akukuwa pakhutu panga.

Tsiku lina ndinasuzumira pagalasi la chitseko cha chipinda chawo choyezeramo. Mlongo wanga anali ataimirira akuloza zithunzi pakhoma, madokotala aimvi atakhala chete, ena akulemba. Mwana amene ndinkamubereka popita kumsika! Atandiona anandikodola kuti ndilowe. Ndinasiya kabotoloko kwa mlonda n'kumapita.

Bambo ananenepa. Patatha chaka anaimirira m'tchalitchi kuthokoza Mulungu chifukwa cha mwana wawo wamkazi, mpingo wonse n'kuwomba m'manja, amayi aja akululutira. Ine amene ndinkawachapira zofunda mayi akatopa sananditchule. Ndinatuluka ngati ndikukatsokomola, n'kukaima kuseri mpaka nyimbo inatha.

Kenako mlongo wangayo anandipempha kanthu.

"Achimwene, inu mumaona anthu amene ife sitiwaona. Wobwerabwera kudzagula mankhwala a m'mimba muzinditumizirako."

"Ndiona," ndinatero.

Miyezi inayi sindinatumize munthu, ngakhale ndinkawaona. Ndinkawagulitsa zomwe afuna, mtima ukuti nayenso asowe. Izi ndimachita nazo manyazi mpaka lero.

Amene anandigonjetsa anali mayi wina wa ku Nkolokosa, mphunzitsi, yemwe anabwera kachisanu atagwira kauntala kuti asagwe, milomo itauma. Ndinabweza paketi pashelefu n'kumulembera kakalata kopita kwa mlongo wanga.

Anabweranso nyengo ya mvula nkhope itadzaza, atanyamula nanazi.

"Kodi adokotala aja ndi abale anu? Koma ndiye munthu ameneyo! Mwayi wanu bambo."

"Ndi wamng'ono wanga," ndinatero. "Kuwerenga ndinamuphunzitsa ndine."

Mayiyo sanamve n'komwe. Anandipatsa nanaziyo kuti ndikawapatse adokotala, ndipo ndinakapereka, ngakhale inagona kaye kwathu masiku atatu.