Wachigoba uja amayenda ngati Yohane

Moni nonse abale.

Masanawa pochokera kumsika wa Zingwangwa ndapeza achinyamata pagilaundi akuchita masewera awo oyerekeza kuti dziko latha. Ena anali opulumuka, ena gulu lolambira imfa, atadzola phulusa, atavala zigoba zamakatoni, akusaka anzawowo.

Mtsogoleri wa azigobawo amatsimphina mwendo wamanzere, ndendende mchimwene wathu Yohane. Mukukumbuka mmene ankalimbirana kukhala woipa m'masewero a kutchalitchi?

Ndaima pomwepo mpaka wavula chigoba. Anali mwana wa eni ake. Wandifunsa kuti, "Mayi, takuopsani?" Ine ndati, "Ayi, mwangondikumbutsa munthu."

Chaka chachinayi chino Yohane ali ku Joni, foni osaimba. Achimwene a ku Bangwe, mukuti bwanji, titume munthu akamufunefune? Ine ndamusowa.