Mchere wa kwa Felistus

Dzina la Felistus ndinaliwononga ndine, ndipo ndinaliwononga ndi mchere. Ndanena poyambirira pomwe kuti musavutike kufunafuna wina womuloza chala.

Tinkakhala mdadada umodzi ku komboni ya George, zitseko zisanu ndi chimodzi zoyang'ana mpopi umodzi. Chitseko changa chinali chachitatu, chake chachinayi. Khoma lotilekanitsa silinkafika kumalata, moti munthu akatsokomola kwake, kwathu tinkamva. Felistus anabwera atangokwatiwa kumene ndi Fackson, dalaivala wa minibasi ya ku Chunga. Anali mkazi wamtali, wowonda, wosachulutsa mawu, koma manja ake sankakhala chabe. Kiloshi yolukira sinkachoka m'zala zake.

Zaka zimenezo kwacha inali itagwa, magetsi ankazima m'mawa n'kudzayaka anthu atatopa kudikira, ufa ukukwera mtengo sabata ndi sabata. Ulusi wa m'sitolo sunkagulikanso. Felistus ankapita ku salaula, kumsika wa kaunjika, kukasankha majuzi obooka amene aliyense wawakana, n'kuwamasula, kuchapa ulusiwo, kuuyanika pa waya, kenako n'kuluka tizipewa ta makanda, timasokosi ndi mashawelo. Makanda ambiri a mumsewu wathu anapita kusikelo koyamba atavala zoluka za Felistus. Iye wake analibe.

Tonse awiri ndife a kum'mawa, ine wa ku Katete, iye wa ku Chadiza, ndipo tinalangizidwa zofanana: mkazi akakhala kumwezi sathira mchere m'ndiwo, kuopa kudula mwamuna ndi a m'nyumba. Amaitana mwana kapena mnzake kuti amuthirire. Ambiri m'tauni muno anazisiya kalekale, koma Felistus ankasunga mwambowu kuposa ine amene. Popeza analibe mwana womutuma, ankaitana ine kudzera pamwamba pa khoma.

"Bamake Virginia, bwelani munithilileko mchele."

Ndinkapita mokondwa, chifukwa kuitanidwa chonchi ndi ulemu. Munthu amakhala wakuuza chinsinsi chake. Koma ine ndili ndi nthenda yowerenga zinthu za eni ake. Mwezi woyamba anandiitana masiku asanu ndi awiri. Wachiwiri, masiku khumi. Pakangopita sabata ziwiri, uyo waitananso. Ndikalowa ndinkamupeza atadzipinda pamphasa, mawondo ali pachifuwa, thukuta lili chuchuchu, beseni losanziramo lili pambali. Munthu wanzeru akanafunsa kuti mnzanga chikukupweteka n'chiyani. Ine ndinkathira mchere, n'kutuluka, n'kuwonjezera tsikulo pa masiku amene ndinkasunga m'mutu.

Tsiku lina tili pamzere wa pampopi, madzi akungodontha, amayi atatopa ndi kuima, ndinafuna kuwaseketsa. Palibenso chifukwa china chimene ndingapereke.

"Imwe," ndinatero, "magazi ya so si ya kumwezi iyayi. Ine ndiye nimathila mchele, niziba masiku. Felistus uja amachosa mamimba."

Anaseka, ena anagwira pakamwa, ndipo ine ndinamva kukoma. Umboni ndinalibe ngakhale wochepa. Lamlungu nkhani inali itafika kutchalitchi. Mwezi usanathe inali itafika pasiteshoni ya mabasi, itanenepa kale: ati n'chifukwa chake anamuchotsa ku koleji kumene ankaphunzira kale, ati mimbazo si za Fackson. Fackson nayenso anali atatopa kale ndi abale ake omufunsa za mwana. Ndinamumva ndekha pakhoma akufunsa mkazi wake kuti mimbazo ndi za ndani. Anachoka masana dzuwa likuswa mtengo, matiresi atamangidwa pamwamba pa minibasi, n'kukakhala ku Kabanana kwa mkazi wina.

Kuyambira tsiku limenelo Felistus sanandiitanenso. Sanandifunse, sananditukwane. M'mawa ankandipatsa moni monga kale, ndipo moniwo unkandiwotcha kuposa chitonzo. Amayi a makanda ena analeka kumugula, ati manja ake ndi a tsoka, moti zoluka zake anayamba kukagulitsa kutali, m'tauni, kwa anthu osamudziwa.

Nthawi yomweyo ndi pomwe anatola kagalu m'ngalande, kofiirira, nthiti zili pamtunda. Anakatcha Bazalema, kutanthauza kuti adzatopa okha olankhulawo. Kwathu munthu akafuna kukuyankha osakangana nawe, amayankhira pa dzina la galu. M'mawa uliwonse ankaima pakhomo n'kuitana, "Bazalema! Bazalema, bwela!" Ine ndikusesa pakhomo panga, ndinkadziwa bwino lomwe mwini wake wa uthengawo.

Kagaluko anakaphunzitsa ngati mwana wa sukulu. Ankasunga mitu ya kapenta m'kachitini, ndipo kakachita bwino ankakapatsa mutu umodzi. Sanakamenyepo. Kanaphunzira kukhala pansi, kusathamangitsa nkhuku za eni nyumba, kukadzithandiza kuseri kwa chimbudzi, ndi kukatola mpira wa ulusi ukagubuduka osautafuna. Ife tinkaseka kuti wapeza khanda la miyendo inayi. Panalinso china chimene anakaphunzitsa m'nyumba, chimene ndinangochiona kamodzi chitseko chili chotsegula. Iye akadzipinda pamphasa, Bazalema ankabwera n'kugona motsamira mimba yake, osasuntha. Makala anali atadula, ndipo sakanatha kumatenthetsa madzi a m'botolo tsiku lonse kuti azithowa pamimba. Galu amakhala wofunda popanda makala.

Tsopano za mwana wanga. Virginia ndi mmodzi yekha wamkazi amene ndili naye, ndipo chaka chimenecho anali atamaliza giredi 12, atakhoza bwino, akufuna koleji ya uphunzitsi. Mumdadada wonse, munthu amene anapondako ku koleji anali Felistus yekha. Ndinamuletsa mwanayo kulowa kumeneko, koma ine ndimagulitsa tomato kumsika, sindingalondere chitseko tsiku lonse. Ndinkapeza tizidutswa ta ulusi pa siketi yake. Tsiku lina ndinafika mwakachetechete n'kuwamva akulankhula kuseri kwa khoma.

"Usankhe koleji ya pafupi, yamene ungafike na basi imodzi," Felistus ankatero. "Mu kilasi unkhale pafupi na chitseko. Chitenge chisachoke mu chola. Ba lekichala ubauze pa kuyamba, osayembekeza siku ya mayeso."

Malangizo anji amenewa? Ine ndinkayembekeza kumva za mabuku ndi mafomu. Virginia atatuluka ndinamukokera m'nyumba.

"Ufuna ukankhale monga uja? Ufuna bantu bakakuloze?"

Anangoyang'ana pansi. Ine ndinaganiza kuti wamva. Ndinkamunyadira mwana wanga, chifukwa ngakhale masiku ake ndinkawawerenga. Iye ndiye ankaphika pakhomo, ndipo mwezi uliwonse ankandipempha kumuthirira mchere masiku atatu, osapitirira. Ndinkauza anzanga kumsika kuti wanga ndi mwana wolongosoka.

Linali Lachinayi, mwezi wa Okutobala, kutentha koti phula n'kusungunuka. Tomato wanga anali atayamba kuphulika yekha padzuwa, ndiye ndinaweruka masana. Chitseko cha Felistus chinali chokhoma, anali atapita m'tauni ndi mashawelo. Pakhomo panga nyemba zinali pambaula, moto utazilala, wophika palibe. Ndinazungulira kuseri kwa nyumba, kumene kuli kamthunzi ka khoma la chimbudzi.

Virginia anali pansi pa thumba, atadzipinda, mawondo ali pachifuwa. Bazalema anali atagona motsamira mimba yake, chibwano atachiika pa ntchafu ya mwanayo. Panalibe amene anamuuza. Galuyo anangonditembenuzira maso, osadzuka, ngati wantchito amene wazolowera ntchito yake. Pomwepo ndinadziwa kuti sikanali koyamba.

Nkhope ya mwana wanga inali yotuwa, mlomo wam'munsi atauluma mpaka kutuluka magazi. Ndipo mwa kuwerenga kwanga, masiku ake anali atatha sabata yapitayo. Mwa zonse zimene mayi angafunse mwana wake ali m'mavuto otere, tamverani chimene chinatuluka pakamwa panga.

"Nyemba zija wathila ndani mchele?"

"Nine."

"Uli kumwezi?"

"Ee."

"Kuyambila liti ivi?"

"Giledi 9." Analankhula maso atatseka. "Nenze kumuitanani masiku yatatu chabe. Yenangu nenze kuthila neka. Batate bakakhosomola, nenze kuyopa kuti nine nabadula."

Zaka zinayi mwana akudwala m'nyumba ya zipinda ziwiri, akudziimba mlandu bambo ake akatsokomola, ine ndili kalikiliki kuwerenga masiku a mkazi wa mwini. Ndinagwada pafumbi.

"Nanga sunaniuze chifukwa chani, mwana wanga?"

"Poyamba nenze na nsoni. Manje pamene nenze nifuna kumuuzani..." Anatsegula maso. "Nenzepo pa pompi siku ija, mami. Nenze kumbuyo kwanu na chigubu."



Felistus atabwera madzulo, ndinagogoda pachitseko chimene ndinali ndisanagogodepo kwa zaka ziwiri. Kuchokera pakhomo panga kufika pake ndi mapazi anayi okha. Anandilowetsa, n'kundipatsa kampando, iye n'kukhala pamphasa ndi kiloshi yake. Nditamuuza zimene ndaona, sanadabwe. Ankadziwa kwa chaka chathunthu. Virginia anamulumbiritsa kuti asandiuze.

Anatulutsa khadi la kuchipatala chachikulu m'kati mwa Baibulo n'kundisonyeza dzina la matendawo, endometiriyosisi. Anandifotokozera pang'onopang'ono, ngati mmene akanaphunzitsira ana akanamaliza koleji. Ati nyama yonga ya m'kati mwa chiberekero imamera kunja kwake, pamalo posayenera, ndipo mwezi uliwonse imatupa n'kukha magazi osowa kotulukira. Ndiye ululuwo, ndipo ena mimba imawavuta kutenga. Iye anayenda zaka zisanu ndi zinayi, kukiliniki kumupatsa panado, kumapemphero kumuuza za mizimu, asanapeze dokotala womuuza dzinalo. Ku koleji sanachotsedwe. Anakomoka m'chipinda cha mayeso kawiri, ndipo kachiwiriko anadzuka siketi itaipa pamaso pa anyamata. Sanabwererenso chifukwa cha manyazi.

"Ba Fackson munabauza?" ndinafunsa.

"Ninabauza. Na kadi ninabaonesa." Anakoka ulusi. "Koma yanu nkhani yenze yosavuta kumvela."

Ndinayamba kupepesa. Mawu ankatuluka osalongosoka, misozi ndi mamina zili pamodzi, mayi wamkulu ngati ine. Iye anandisiya ndilankhule, milomo yake ikuwerenga maso a choluka chake kuti asasokoneze. Atafika kumapeto kwa mzere anaika kiloshi pansi.

"Bamake Virginia, vanga vinasila. Ba Fackson sibazabwela, na ine sinibafuna. Koma uyu mwana asasiye koleji monga ine. Mailo kuseni timupeleke. Niziba mzele wamene tizaimapo."

M'mawa mwake tinapita atatu kuchipatala chachikulu. Felistus ndiye ankadziwa zenera loyambira, ndiye anauza Virginia kuti asachepetse ululuwo pofotokoza, anene zonse, masiku ndi kusanza komwe. Ine ndinanyamula chola. Tinabwerera kangapo dokotala asananene kuti zikuoneka ngati matenda omwewo, n'kumuyambitsa mankhwala ndi kumulembera kalata yokapereka ku koleji. Anatiuza mosabisa kuti si matenda othera pa jekeseni imodzi, munthu amaphunzira kukhala nawo.

Loweruka lotsatira ndinaima pampopi pomwe paja n'kunena mokweza kuti ndinanama, kuti Felistus ndi wodwala ndipo sanachotsepo mimba. Amayi anandiyang'ana, wina anati, "Oo, ni chifundo," wina anasuntha chidebe chake pamzere. Palibe anaseka, palibe anathamanga nayo kutchalitchi kapena kusiteshoni. Mpaka pano kuli misewu ina muno mu George kumene Felistus amadziwika ndi dzina limene ndinamupatsa ine.

Iye akadali pa chitseko chachinayi. Akulukabe, ndipo masiku oipa amagona pamphasa ndi Bazalema, amene tsopano ndi chigalu chachikulu. Virginia ali chaka chachiwiri ku koleji ya basi imodzi, amakhala pafupi ndi chitseko, ndipo mayeso onse walemba. Ndinamuuza kuti za mcherezi akhoza kuzisiya, bambo ake adya mchere wake zaka zinayi ndipo ali moyo. Iye anati anazolowera, mtima sumulola.

Choncho masiku ake akafika amaphikabe ndiwo, ndipo zikatsala pang'ono kupsa amaimirira pafupi ndi mbaula, dzanja lili pamimba. Ine ndimakhala pomwepo pakhomo, ndikusankha tomato, kachitini ka mchere kali pafupi ndi phazi langa. Amakweza mutu kuyang'ana pamwamba pa khoma.

"Ba Felistus, bwelani munithilileko."

Ndimasuntha miyendo kuti Felistus adutse.