Hita Yokondera ya Giyawani

"Achimwene, musandiyang'ane ngati ndakuberani nkhuku! Hita imeneyi munaikonza ndinu, ndi manja anu omwewo. Ine mbali yanga ndikutuluka thukuta ngati ndakhala pa uvuni, mwamuna wanga uko zala za kuphazi zauma gwa ngati misomali. Mukufuna ndikhale wamasiye kuti mupeze poseka?"

Amene amakalipa chonchi anali amake mapasa, ataima pakati pa galaja ya mchimwene wawo, manja m'chiuno, fulawa adakali mbuu m'nsidze. Mchimwene wawoyo, makaniko amene aliyense amamutchula kuti Sipanala, anali atangotulutsa mutu pansi pa lole ya munthu wina. Mwini zala zoumazo, dalaivala Giyawani, anaima pambali pa vani yake ya buledi, akukanda m'mutu, akulakalaka nthaka itang'ambika kuti alowemo. Iye yekha ndi amene amadziwa kuti mlamu wakeyo akutukwanidwira mlandu wa eni.

Giyawani ameneyu munthu asakunamizeni kuti ndi wopepera. Pa bekale pomwe amagwira ntchito anayamba ndi kunyamula makileti, kenako kutsuka magalimoto, kenako kuwasuntha pabwalo madalaivala akamamwa tiyi, mpaka abwana anatopa naye n'kumupatsa kiyi. Dzinalo anam'patsa ndi anzake chifukwa cha mayendedwe ake, ngati galimoto ili pa giya yoyamba nthawi zonse. Anthu a njinga amamupitirira akuimba belu, iye phee pachiwongolero. Ukamunena amangoti, "Buledi safuna phuma." Musekeni, koma madalaivala anzake amene amathamanga aja onse analowapo m'ngalande, pomwe Giyawani sanaphwanyepo ngakhale bansi imodzi. Wotsutsa abwere ndi umboni.

Mkazi wake anam'peza pa bekale pomwepo, akukanda fulawa. Tsiku loyamba kumulankhula, mkaziyo anam'genda ndi chibulumwa cha fulawa wokanda pachipumi, iye n'kudziwa kuti basi, wapeza banja. Mapasa awo anakula, ali kusukulu zawo kutali. Atsala awiriwiri, ndipo m'mamawa uliwonse amachokera limodzi kunyumba pa vani ija, kudutsa tauni yonse anthu asanatsegule mashopu.

Vuto linabwera ndi nyengo yozizira ya chaka chatha. Nyamakazi inagwira amake mapasa m'manja. Amafika kuntchito zala zitapindika ngati za nkhuku, osatha kuumba ngakhale bansi, ndipo kapitawo anayamba kung'ung'udza kuti mwina awapatse tsache azikasesa panja. Munthu amene wakanda fulawa moyo wake wonse, tsache! Kunyumba amake mapasa amangoyang'ana manja awo, osalankhula. Ndipo mayi amenewa akakhala chete, nyumba imasanduka manda.

Hita ya vaniyo ndi yachikale, kafani kake kopuma ngati nkhalamba pachitunda. Mpweya wofunda umatuluka m'mapaipi awiri, ina kumapazi a dalaivala, ina mbali ya wokwera. Ukaugawa pawiri, palibe amene amafundidwa. Giyawani anaganiza zake. Tsiku lina anagona chagada pansi pa chiwongolero, n'kutseka paipi ya mbali yake ndi chinthu choyamba chimene anachipeza pachingwe choyanikira zovala. Kuyambira pamenepo mpweya wonse umathamangira kwa amake mapasa. Amayenda atatambasula manja pakamwa pa paipiyo ngati akuotha moto, n'kukafika pa bekale zala zili lobodo, zofewa. Nkhani ya tsache inatha yokha.

Nanga iye? Masokosi awiri awiri, pamwamba pake majumbo, kenako nsapato. Akamaponda kilatchi kumamveka tswaa tswaa. Mkazi wake akafunsa, amati ndi mpando ukulira.

Koma m'mawa wa tsiku limeneli kunazizira kodula makutu. Pofika pageti la bekale phazi la Giyawani linali litafa dzanzi. Anafuna buleki, phazi osamva kanthu, vani n'kukapsompsona geti, khoo! Makileti opanda kanthu kumbuyo anavina. Palibe anavulala, koma amake mapasa anawerama n'kugwira kakolo wa mwamuna wawo. Ayezi weniweni, wokutidwa m'jumbo. Ataweruka sanafune ngakhale kusamba kumaso, anangoti molunjika ku galaja.

"Mlongo wanga, ine ndinangosintha paipi ya madzi," anatero Sipanala akupukuta manja pa ovololo. "Hita ilibe tsankho. Siidziwa kuti uyu ndi mkazi, uyu ndi mwamuna."

"Ndiye ineyo ndikunama? Gwirani phazi lawolo!"

"Phazi la alamu ndigwire ine? Ndine makaniko, osati dokotala."

Makasitomala amene amadikira magalimoto awo anayamba kusendera. Wogulitsa matayala wa pafupi anasiya shopu yake yosatseka.

"Alamu, musavutike," anatero Giyawani ndi mawu aang'ono. "Ine kuzizira ndimakukonda. Kumandithandiza kuti ndisagone pamsewu."

"Inu khalani chete, abambo a mapasa! Mwagunda geti la eni lero, mukuti mumakukonda?"

Giyawani anaona kuti zinthu zaipa. Paipi ija ikatsegulidwa, mkazi wake sangalole kuti aitsekenso, ndiye kuti zala zipindikanso, kapitawo atulutsanso tsache lake. Koma akakhala chete, dzina la mlamu wake lithera pompano pamaso pa makasitomala. Anayesa njira yapakati. Anamutsinzinira diso Sipanala, kamodzi, kawiri, mwamphamvu.

"Alamu, mwalowa chitsotso m'diso?" anafunsa Sipanala mokweza. "Mlongo, tawauzirani amuna anu m'diso, ine ndione hitayi."

Basi, kunalibenso kothawira. Sipanala analiza injini, nayika dzanja mbali ya wokwera: moto. Nayika mbali ya dalaivala: zii. Anagona chagada pansi pa chiwongolero, miyendo ili panja, n'kumasula paipi. Kenako anangoti, "Aaa!" Anayamba kukoka. Kunatuluka ubweya wofiira. Anakokabe, kunatuluka wachikasu. Anakoka ngati munthu akutulutsa matumbo a mbuzi, mpaka anaima chilili atanyamula mpango wautali, wodzaza fumbi, nsonga imodzi itada bii.

"Abale inu, taonani!" anafuula Sipanala akuuzunguza m'mwamba. "Kodi sipeya ameneyu ndimagulitsa ine? Wina anandionapo ndikuluka?"

Galaja yonse inagwa ndi phwete. Amake mapasa okha sanaseke. Mpango umenewo anauluka okha, manja asanayambe kuvuta, kulukira mwamuna wawo. Unasowa pachingwe chaka chatha, ndipo iwo anaimba mlandu mayi wa saluni woyandikana nawo nyumba. Anatukwanizana pampanda mpaka agalu anauwa. Kuchokera tsiku limenelo moni anatha, ndipo amake mapasa amakapangitsa tsitsi kutali, kwa mtsikana wina wokoka ngati akuzula udzu.

"Abambo a mapasa," anatero pang'onopang'ono. "Mpangowu unalowa wokha m'paipimu?"

Giyawani anayang'ana nsapato zake. "Zala zanu zija, mayi. Amafuna kukupatsani tsache."

Amake mapasa anatambasula manja awo, nawayang'ana kutsogolo ndi kumbuyo. Anayang'ana mapazi a mwamuna wawo, jumbo likusuzumira pamwamba pa nsapato. Anthu anaganiza kuti alira, ndipo analiradi, koma akuseka, akum'kwapula Giyawani ndi mpango womwewo, fumbi koboo.

"Chitsiru cha munthu! Chitsiru changa ine! Mukanafa pamsewu, manja ofundawo ndikanakandira fulawa wa pamaliro anu?"

"Ndimayenda pang'onopang'ono, mayi."

"Geti lija lakuuzani choncho?"

Sipanala anakhala pa tayala, akupukuta misozi ya kuseka. "Mlongo, ine mwandinyoza pagulu, koma ndakukhululukirani, chifukwa matenda a m'nyumba mwanu si a galaja. Tsono tamverani. Vaniyi kutsogolo ili ndi mipando itatu. Wapakatiwu mumasungira ndani? Abwana? Inu mumakhala kuchitseko ngati mwapemphera lifiti."

Anatenga chidutswa cha paipi yakale, nalumikiza ku mbali ya wokwera, naikhotetsera pakati, kuti mpweya wa mapaipi onse awiri uzikumana pamalo amodzi, pafupi ndi giya. Sikuti hita inasanduka yatsopano ayi, kafani ndi komweko. Koma amake mapasa atakhala mpando wapakati, phewa kugunda phewa, manja awo ndi phazi la buleki zinapezeka m'kamphepo kamodzi kofunda. Zotsalazo, anatero Sipanala, thupi la munthu nalo ndi hita.

Anatuluka m'galajamo anthu akuwaombera m'manja ngati ukwati. Giyawani anayendetsa ndi mpango uli m'khosi, wonunkha fumbi ndi oyilo, akumwetulira mpaka mano a kumapeto. Posintha giya chigongono chimagunda mkazi wake, iwo n'kumati, "Samalani, ndine mkazi wa mwini," koma osasuntha. Anthu a njinga anawapitirira monga mwa masiku onse. Iye anaganiza kuti mlandu watha.

Atafika pakhomo, amake mapasa anagwira chiwongolero. Patsogolo pawo, pakhonde la saluni, mayi uja anali akuyanika matawulo, nkhope atayang'ana kumbali monga amachitira chaka chonsechi.

"Zimitsani injini. Mukumuona mayi uyo?"

"Ndikumuona."

"Ndinamutchula wakuba, msewu wonse ukumva. Inu munali pomwepo, mukumwa tiyi, mpango uli m'paipi. Munangoti, 'Zisiyeni, mayi, Mulungu akuona.' Ee, amaonadi! Taonani tsitsi langali mmene lathothokera. Ine pakamwa panga ndikapepesa ndekha, koma wakuba ndiyenera kupita naye. Tsikani, mpango uli m'khosi momwemo, musauvule. Mayi a saluni! Tabwerani kuno, mbala yanu ija ndaigwira! Abambo a mapasa, imani apa, muwayang'ane m'maso, muyankhe: mpango pachingwe paja anauchotsa ndani?"