Khoma la chikepe lang'aluka, wochotsedwa ntchito ndi wosalakwa

Inu a ku ofesi ya mainjiniya, mwachotsetsa ntchito munthu wosalakwa. Chondiwawa n'chakuti ine ndinakuthandizani.

Ndine kapitawo pa chipatala cha nsanjika zitatu chimene tikumanga cha ku Njewa. Lachiwiri lina tinkayenera kuthira konkire pa khoma la chikepe chokwerera m'nsanjika zam'mwamba. Lamulo lake ndi lodziwika: injiniya ayambe waona zitsulo. Ndinaimba foni 7 koloko m'mawa. Akuti afika 9. Itakwana 11, akuti galimoto ilibe mafuta. Cha m'ma 1, mlembi wawo anati bwana ali pa msonkhano, ndingotumiza chithunzi. Chithunzi? Khoma lodzanyamula odwala mpaka pamwamba mumaliyeza pa foni?

Kulakwa kwanga kunayambira pamenepo. A Kwenda, omanga zitsulo athu, mkulu wa mpingo wa ku Nsaru, anali atanditengera pambali m'mawa womwewo. Anati kumbuyo zitsulo zaperewera, pulani ikufuna mizere iwiri koma taika umodzi, tidikire zina zifike. Ine ndinaona anthu khumi ndi awiri atangokhala pa matumba a simenti, ndipo sindinafune kudikiranso. Ndinajambula mbali yakutsogolo yokha, yabwinoyo. Mphindi ziwiri zisanathe yankho linabwera: "Zili bwino, thirani." Za mbali zinazo sanafunse n'komwe. Tinathira.

Patatha milungu isanu panatuluka mng'alu wolowa chala. Tsiku limenelo mafuta anapezeka. Mainjiniya anabwera atatu, zipewa zoyera zili mbee.

Pano ndi mlungu wachitatu tikukonza. Tachirikiza nsanjika ndi mizati yachitsulo. Tikugoba khoma, kuliboola, kulowetsamo zitsulo zatsopano kuti tithire konkire ina pamwamba pa yakaleyo. Malo a chikepe achepa, moti akuti bedi la wodwala mwina silidzalowamo.

Lipoti la mainjiniyawo linati womanga zitsulo sanatsate pulani, achotsedwe ntchito. Analiwerenga pamaso pa tonse. A Kwenda anandiyang'ana, ine n'kumayang'ana nsapato zanga. Atanyamula chikwama chawo anangoti, "Tsalani bwino, a kapitawo. Pothira kachiwirika musafulumire."

Kuyambira tsikulo sindikutha kuwaimbira foni. Ndiyamba ndi mawu ati?

Dzulo ndinapita ku ofesiko kuti ndikanene zoona. Ndinakhala pa benchi kuyambira 8 mpaka 12. Mlembi uja anati nkhaniyo inatsekedwa kale, ndisadziputire mavuto. Inatsekedwa ndi ndani? A Kwenda munawafunsapo kanthu?

Wojambula ndinali ine. Wolamula kuti athire ndinali ine. Wovomereza ali phee pa mpando munali inu. Lembaninso lipotilo. Muikemo dzina langa ndi lanu, la a Kwenda mulichotse. Lolemba 8 koloko ndikukaonana ndi mwini chipatala, ndipo uthenga wanu uja ukadali m'foni. Mudzakhalepo, mudzayankhe mbali yanu. Yanga ndayankha pano.