Anathira Yekha Mchere

Ku Madaraka, m'mafulati akale aja osuluka utoto, mumakhala mayi wina wa kwathu dzina lake Bernadette. Ndi wa ku Mtakataka, wamfupi, wosalankhulalankhula. Anabwera ku Nairobi potsatira amuna ake, a Medson, amene ankayendetsa galimoto ku bungwe lina la mpingo. Iye anapeza ntchito yosoka mikanjo ya ansembe ndi nsalu za pa guwa, ndipo ndi imene ikumudyetsa mpaka lero, iye ndi mwana wake Chiyamiko amene ali kukoleji.

Koma Amalawi a mu Nairobi samudziwira singano. Amamudziwira buledi.

Anaphunzira ali mtsikana, akuthandiza kukhitchini ya masisitere kwawo. Kunali sisitere wina wokalamba wa ku Ireland amene ankaphika buledi wopanda yisiti, wofufumitsa ndi soda ndi chambiko basi. Tsiku loyamba Bernadette anaseka chamumtima, nati si chigumu chomwechi, kungoti cha ufa wa tirigu? Koma wa sisitereyo sanali wotsekemera. Ankathiramo mchere, tizidutswa ta tchizi ndi masamba a anyezi, n'kusakaniza mopepuka ndi zala, n'kulemba mtanda pamwamba ndi mpeni. Kukanda ankaletsa. Ankati ukalimbana nawo, buledi amauma ngati njerwa.

Ku Nairobi Bernadette anapeza kuti chambiko amachitcha mala, mbaula amaitcha jiko, ndipo poto wopanda chogwirira ndiye sufuria. Zina zonse sizinasinthe. Ankaphikira pakhonde, makala pansi, makala ena pa chivundikiro. Mphakati wa Akatolika a ku Malawi ukakumana m'nyumba ya wina, mbale yake ndiyo inkayamba kutha. Amene ankaukonda kuposa onse anali a Conrad a ku Kilimani, bambo a mimba ndi nthabwala, amuna a mayi Magdalene amene anali wapampando wa mphakatiwo. A Conrad ankadya chidutswa china, china n'kukulunga papepala, akuti chodya magalimoto akathithikana mu Ngong Road.

Kenako a Medson anadwala impso. Miyendo inatupa, nkhope inatupa, nsapato zinaleka kulowa. Bernadette ankapita nawo kuchipatala kukasefetsa magazi pa makina, akabwera n'kuwasambitsa, n'kuwasanjikira mapazi pa pilo. Anamwalira m'nyengo yozizira. Anthu anasonkhana, anaimba, mtembo unanyamulidwa kupita kumudzi. Atatha maliro Bernadette anabwerera ku Madaraka, chifukwa ntchito ndi sukulu ya mwana zinali kuno.

Pa msonkhano woyamba atabwera, anaphika buledi monga mwa masiku onse. Anabwerera naye kunyumba atangodulidwa chidutswa chimodzi, chimene anadya Bambo Francis, wansembe wa kwathu amene ankaphunzira mu Nairobi. Bernadette anati kaya anthu anakhuta. Mwezi wotsatira anakhala pakona n'kumayang'ana. Anaona azimayi akupatsirana mbale yake mofulumira ngati ikuotcha. Anaona a Conrad akutambasula dzanja, mayi Magdalene n'kuwagwira bondo, dzanjalo n'kubwerera n'kukatola mandasi.

Amene anamuuza ndi Lenah, mayi wachitsikana wa ku Roysambu, tsiku lina akudikira minibasi, imene kuno amati matatu, atatuluka m'tchalitchi.

"Achemwali, ndinene kapena ndisiye?"

"Wayamba kale."

"Akuti a Medson sizinali impso. Akuti ndi tsempho."

Bernadette anamuyang'ana. Mawu amenewo anali asanawamve chichokereni kumudzi. Akale ankati mkazi akayenda ndi mwamuna wina, n'kubwera kudzathira mchere m'ndiwo ndi dzanja lake, mwamuna wake amatupa mpaka kufa, ndipo aliyense wofooka akadya chakudya cha mkaziyo naye chimamugwira.

"Akuti ndani?"

"Amayi atcheya. Pamaliro pomwe paja. Ife tikuimba pabalaza, iwo ali kukhitchini kwanu. Akuti miyendo yotupa chonchija munthu wamkulu safunsa. Akuti mumapitapita kwa wogulitsa tchizi uja."

"Mdala wa dazi uja? Wotsokomola uja?"

"Ine ndangonena zimene ndamva, achemwali."

"Nanga iwe, unadya buledi wanga?"

Lenah anayang'ana pansi. "Ndinali woyembekezera. Anandiopseza."

Matatu inafika, kondakitala akukuwa. Bernadette anakwera, nakhala pafupi ndi zenera, chikwama pamiyendo. Sanalire. Ankangoganiza za miyendo ija, mmene ankaipaka mafuta m'mawa uliwonse, chala chikadina n'kusiya dzenje losabwerera. Ankaganizanso za khitchini yake, mayi Magdalene ataimirira mmenemo, akumwa tiyi wake m'kapu yake, akumupha kachiwiri mwamuna amene mtembo wake unali usanakwere ndege.

Sanapite kukafunsa. Ankadziwa kuti akafunsa adzamva zoti anthu anamva molakwa, kenako adzamupempherera. Analeka kubweretsa buledi kumphakati, n'kumabwera ndi zakumwa za m'botolo zosatsegula. Lamulungu lililonse ankapatsa moni mayi Magdalene ndi manja awiri, bondo atapinda. "Mwadzuka bwanji, amayi?" Iwo ankayankha mokoma, n'kumusisita paphewa. Miyezi inapita choncho.

Chaka chitakwana, Bernadette anapempha Misa yokumbukira malemu, ya m'nyumba mwake. Misa yotere palibe amene angaikane, makamaka wapampando. Azimayi anamufunsa kuti abweretse chiyani, mpunga kapena nkhuku. Iye anati asavutike, zonse wakonza. Anaika mwambowo masana, kuti anthu achokere kutchalitchi n'kulunjika ku Madaraka osadzera kunyumba.

Anabwera ambiri, mpaka ena kukhala pamasitepe. Bambo Francis analalika motalika. Misa itatha anthu anayamba kununkhiza mphepo, koma kukhitchini sikunkachokera fungo lililonse. Miphika inali yovundikira pa shelefu, yozizira.

Bernadette anakokera tebulo pakati pa balaza. Anaikapo beseni, ufa, mapaketi a mala, mbale ya tchizi chodula kale, masamba a anyezi, soda, ndi mchere m'sosala yoyera.

"A Medson ankaukonda buledi uyu," anatero. "Lero tidya ameneyu basi. Sachedwa kupsa."

A Conrad okha ndi amene anaomba m'manja.

"Amayi atcheya, senderani kuno mundigwirire beseni. Tebuloli limagwedera."

Mayi Magdalene anadzuka, anakonza chilundu, nagwira beseni mbali zonse ziwiri. Bernadette anathira ufa, anawaza soda, anakhuthulira tchizi ndi anyezi. Kenako ananyamula sosala ija.

Mayi wina wachikulire, a Esnat, anadzuka mofulumira. "Bweretsani ndikuthirireni, mayi a Chiyamiko. Inu manja ali ndi ufa."

"Khalani pansi, amayi. M'nyumba muno mchere ndimathira ndekha. Chikwatiwireni sindinatumepo munthu."

Anatapa ndi zala zitatu, nakweza dzanja m'mwamba, nausiya ugwe pang'onopang'ono. Unkamveka ukugwera pa ufa. Anatapanso. Maso ake sanali pa beseni, anali pa mayi amene anagwira beseniyo. Mayi Magdalene ankayang'ana khoma, pamene panali chithunzi cha a Medson atavala jekete, ndipo atazindikira chimene akuyang'ana anatembenuzira nkhope kuzenera.

Bernadette anaboola pakati pa ufa, anathira mala, nasakaniza ndi zala mopepuka, ngakhale mkono unkafuna kukanda mpaka beseni liphulike. Anaumba mibulu ikuluikulu, nalemba mtanda pa uliwonse. Pakhonde majiko anali atayaka kale. Anaika mibuluyo m'masufuria, anavundikira, nasanja makala pamwamba.

Podikira anthu anayamba nyimbo, koma inkatha msanga. Fungo la tchizi chopsa linalowa m'nyumba, linatsika masitepe, mpaka mayi wa nyumba yoyandikana anasuzumira pakhomo. Mimba ya wina inalira pakati pa pemphero, achinyamata n'kubisa nkhope. Bernadette anakhala pampando wake wosokera, manja pamiyendo, osaimba.

Nthawi itakwana anavundukula. Buledi anali atafufuma, mtanda utatseguka, tchizi chitatuluka m'ming'alu n'kupsa mofiirira. Anatembenuza m'bulu umodzi, nagogoda pansi pake ndi chala. Unalira ngati ng'oma yaing'ono. Anadula wotentha, nthunzi ikutuluka, Chiyamiko akugawa tiyi.

Bambo Francis anadalitsa, natenga chidutswa. Iwo nkhaniyi sankaidziwa. "Mayi, munatimana chaka chonse! Tinakulakwirani chiyani?"

"Palibe, Abambo. Ndinali pachisoni."

A Conrad anatambasula dzanja.

"Bambo a Tina," anatero mayi Magdalene motsitsa mawu, "paja adokotala anakuletsani."

"Adokotala ati? Ine anandiletsa mowa, ndipo sindinawamvere. Mayi a Chiyamiko, ndipatseni chakumapetocho, cholimbacho."

Anthu anaseka. A Conrad analuma, natseka maso. Lenah, mwana ali kumbuyo, anadzuka pamene anakhala, nadzitengera yekha chidutswa, nadya ataimirira pakati pa anthu. Amuna anatsatira. Azimayi anayang'anana, njala nayo inawathandiza kuganiza, mbale inayamba kupepuka.

Mayi Magdalene anali ndi kapu ya tiyi yokha.

Bernadette anasankha chidutswa chachikulu cha pakati, anachiika pa mbale yabwino, napita nacho. Anagwada pa simenti patsogolo pawo, mbale ataikweza ndi manja awiri, monga amachitira mwana wolangizidwa bwino.

"Landirani, amayi."

"Zikomo, mwanawe. Ine ndakhuta."

"Mwakhuta chiyani? Chichokereni kutchalitchi tili limodzi."

"M'mimba simuli bwino."

"Ndiye soda ndi mankhwala ake. Landirani."

Bernadette sanadzuke. Kulankhula kunaleka mbali ino, kenako mbali inayo. Mawondo a Bernadette ankapweteka, koma akanatha kugwada mpaka dzuwa kulowa.

"Kapena pali chimene mwaona m'buledimu?" anafunsa mofatsa. "Munagwira nokha beseni. Ngati chilipo nenani, Abambo ali pano amve. A Medson nawo amve."

Bambo Francis anaika kapu pansi, akuyang'ana uku ndi uku. A Conrad analeka kutafuna. Pamaso pa wansembe, pansi pa chithunzi cha malemu, mawu amene anayenda mosavuta kukhitchini anakana kutuluka m'kamwa mwa mayi Magdalene. Anatenga chidutswacho, nanyema kachinthu kakang'ono.

"Chonse, amayi. Ndaphikira inu."

Anadya. Ankatafuna nthawi yaitali, akumeza movutika, thukuta likutsika m'khosi. Bernadette anadikira mpaka mbale inatsala nyenyeswa zokha, ndipo pamenepo anadzuka, nasasa mawondo. Pobalalika anakulunga m'bulu wathunthu m'nsalu yoyera, naupereka m'manja mwa a Conrad.

Kuyambira tsikulo buledi wa Bernadette anayambanso kutha kumphakati. Palibe amene anapepesa, ndipo iye sanayembekezere. A Esnat anabwera kudzasoketsa diresi. Ena anayamba kunena kuti iwo nkhani ija sanaikhulupirirepo.

Mmodzi yekha ndi amene ankaikhulupirirabe. A Conrad anaulula okha Lamulungu lina pabwalo la tchalitchi, akuseka. "Mayi a Chiyamiko, akazi anga chikondi chawabwerera kuukalamba. M'mawa uliwonse akumandidina mapazi ndi chala. Ndikatsokomola kamodzi, akudzuka. Nsapato ikathina, alira!"

Bernadette anangomwetulira. Anali ataona kale kuti mayi Magdalene aonda, maso alowa, ndipo pa Misa sakuyang'ananso guwa koma akakolo a amuna awo.

Patapita milungu ingapo, mayi Magdalene anamudikirira kuseri kwa tchalitchi, pamene pali mpopi, anthu atapita. Analibe mawu a wapampando.

"Mayi a Chiyamiko, ndife azimayi tokhatokha. Bambo a Tina phazi lakumanzere latupa. Iwo akuti ndi kukhalitsa pa ofesi. Ine sindikugona." Anamugwira dzanja. "Ndiuzeni zoona, ndidziwe chochita. Kaya n'kutumiza uthenga kumudzi atipezere mankhwala. Kodi tsiku munathira mchere lija munali bwinobwino? Mungondiuza, sindiuza munthu."

Bernadette anayang'ana dzanja limene linamugwira. Yankho linali lalifupi, ndipo linali loona. Sanadziwepo mwamuna wina chiyambire. Akanangonena, mayiyo akanagona tulo tsiku lomwelo.

Anachotsa dzanja lake pang'onopang'ono, nakonza mpango kumutu.

"Phazilo mupite nalo kuchipatala," anatero. "Ndipo muwauze a Conrad kuti Loweruka ndikuphika. Adzere ku Madaraka adzatenge wawo."